Ndalama za misewu timapereka tonse, nanga oyenda pansi ndi a njinga gawo lathu lili kuti mu Blantyre muno?

Wa ku Ndirande:

Abale anga ndithandizeni nzeru. Munthu wamba ngati ine akafuna kuti pa ndalama zomwe zimapita ku misewu pazikhala gawo la anthu oyenda pansi ndi a njinga zakapalasa, amagogoda khomo liti? Kwa khansala? Kwa a MP? Ku Civic Centre ku Chichiri kuja? Kapena zonsezi amamanga ku Lilongwe ife nkumangolandira?

Ndikufunsa chifukwa nkhaniyi ikundipweteka mtima. Amene mumalawira mukudziwa mmene msewu wa Makata umakhalira cha m'ma 6 koloko m'mawa, anthu mbweee kutsika ku Ndirande kupita ku makampani, ena ku Ginnery Corner, ena mpaka ku Limbe wapansi, alonda akuweruka, amayi asenza mabeseni a mandasi, ana a sukulu atagwirana manja. Onsewa malo ambiri akuyenda m'mphepete mwa tala momwe munadyeka kale ndi madzi, mbali iyi ngalande mbali iyi galimoto, ndiye minibasi ikafuna kutsitsa munthu imadzaima pomwepo, inu mulowe mumsewu kapena mudumphire mu ngalande musankhe nokha. Mvula ikagwa ndiye musanene, thiraki ikadutsa munthu amakafika ku ntchito thalauzi lonse matope.

Ndipo sikuti anthuwa akuyenda pansi pofuna kulimbitsa thupi ayi. Chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023 muja mitengo ya minibasi siinabwererenso pansi, malipiro a mlonda kapena wantchito wa m'nyumba akati azikwera kupita ndi kubwera mwezi wonse ndiye kuti kunyumba ufa kulibe. Mafuta akasowa ndi pomwe mumaonera bwino kuti mzinda uno umayenda ndi miyendo.

Ine ndili ndi njinga, ndinkapitira ku ntchito, koma pano ili pakhonde matayala anaphwa chifukwa akazi anga anandiletsa galimoto ina itandikhula ndi galasi pa chigongono pa raundabauti. Iwo sakulakwa. Koma zimandiwawa kuti chinthu choti chikanatipulumutsa ndalama ya thiransipoti changokhala chifukwa cha mantha basi.

Sindikupempha zakumwamba. Kanjira ka simenti koti munthu aziyenda osayang'ana m'mbuyo, kamzere ka njinga kotchingidwa ndi timiyala kuti galimoto isalowemo, powolokera pooneka bwino pa masukulu ndi pa misika, magetsi usiku, ndi poimika njinga potetezeka. Amene mukudziwa kayendedwe ka ndalama za boma tiuzeni tiyambire pati.

Dalaivala wa Limbe–Bangwe:

Amwene mwayankhula zoona koma ndiloleni ndiyankhule ngati munthu amene ndimakhala pa chiwongolero tsiku lonse. Ife a minibasi timatukwanidwa kuti timaima paliponse, chabwino ena mwa ife ndi osasamala sindikana, koma tandiuzeni kuchoka ku Limbe kukafika ku Bangwe malo oti minibasi ipatuke bwinobwino nkutsitsa munthu alipo angati? Pasenjala yemweyo amene akudandaula ndi amene amakuwa kuti "pompa pompa kondakitala" pakhomo pake penipeni. Ndiye mukamapempha tinjira ta oyenda pansi mupemphenso masiteji enieni, apo ayi tidzaimabe pa kanjira kanuko ndipo tidzadana.

China, pitani mu Limbe kapena mu tauni muone momwe munali kale poyenda anthu. Mavenda ayala tomato, kaunjika, mafoni, mabwana aimika magalimoto awo pomwepo, woyenda pansi ali mumsewu limodzi ndi ife. Walira mvula walira matope amwene, mukafuna njirazo muvomerenso kuti pakhale owachotsa anthu amenewa, ndipo mavendawo ndi abale athu omwe, ndi a ku Ndirande konko.

Koma mantha anu ndikuwamva. Ifenso timaopa. Usiku kapena m'bandakucha umangozindikira munthu wa makala ali kutsogolo kwako, matumba atatu opingasa kutambalala kuposa njingayo, alibe nyali alibe rifulekita, kutsogolo kukubwera thiraki yakuthira ma full, mtima umachita kuima. Palibe dalaivala amadzuka kuti lero ndikagunde munthu. Atakhala ndi kanjira kawo ine ndingagone tulo tabwino.

Za njinga zokha ndikukayika. Blantyre ndi zitunda, si ku Nchalo kapena ku Salima kuno. Ndani angapalase kuchoka ku Mibawa kukwera ku Bangwe ataweruka?

Mkulu wa ku Chilomoni:

Mphwanga wafunsa funso labwino, ndiyankha motalikirako mundipirire.

Poyamba chotsa maganizo oti ukupempha chifundo. Pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo pali levy ya misewu, ndalama imeneyo imapita ku Roads Fund Administration, komwenso kumapita za pa ma tollgate a Chingeni ndi Kalinyeke. Anthu amati imeneyo ndi ndalama ya eni magalimoto, koma taganiza, dalaivala wathuyu akagula mafuta amaibweza kwa ndani? Kwa iwe pasenjala. Thumba la chimanga likabwera pa lole mtengo wa dizilo uli momwemo. Shuga, mayunitsi, zonse zili ndi VAT. Landilodi amene amalipira ma city rate amawatenga pa lendi yako. Ndiye mayi woyenda pansi kuchoka ku Mbayani kupita ku msika wa Blantyre wasonkha nawo msewu womwe ukumukankhira ku ngalandewo.

Tsopano makomo. Misewu ikuluikulu, monga M1 yodutsa ku Kameza ndi Lunzu kupita ku Zalewa, ili m'manja mwa Roads Authority. Misewu ya m'kati mwa mzinda ndi ya m'malokeshoni mwini wake ndi khonsolo ya mzinda, ndipo ina mwa ndalama zokonzera imachokera ku Roads Fund komweko. Roads Authority ndi Roads Fund Administration anakhazikitsidwa ndi malamulo a 2006, lina limamanga lina limasunga thumba. Ndiye musanalembe kalata dziwani kaye kuti msewu mukuudandaulawo ndi wa ndani, kupanda kutero azingokutumizani uku ndi uku. Timilatho ta m'makwalala ndi tinjira ta m'malokeshoni mukhoza kukankhira ku CDF, thumba la chitukuko cha m'madera.

Nthawinso ndi yofunika. Chaka cha boma cha ndalama pano chimayamba pa 1 April, ndipo isanafike nthawi yopereka bajeti ku nyumba ya malamulo nduna ya zachuma imayenda kumva maganizo a anthu, Blantyre imakhala nawo pa mndandanda. Kumeneko kumadzaza a mabizinesi ndi mabungwe, aliyense kulirira zake. A kabaza, alonda, amayi a mumsika ndi makomiti a sukulu nawonso atapita ndi pepala limodzi logwirizana angamveke. Kudandaula mu June bajeti itadutsa kale ndi kungotaya malovu. Palinso lamulo la Access to Information lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, muli ndi ufulu wolemba kufunsa kuti pa ndalama za misewu za chaka chatha zingati zinapita ku njira za oyenda pansi, komanso kupempha kuona mapulani a msewu usanamangidwe. Apa ndi pomwe pagona nkhani, chifukwa kuika kanjira ka anthu pa pulani ndi kotchipa, koma kudzagumula ngalande ndi mipanda msewu utatha ndi ndalama zambiri ndipo adzakuuzani kuti palibe.

Chomwe ine ndingapemphe si msewu umodzi ayi koma mzere wakewake mu bajeti. Ku Nairobi mu 2015 anakhazikitsa ndondomeko yoti 20% ya ndalama za misewu izipita kwa oyenda pansi ndi a njinga. Kukwaniritsa kwake ndi nkhondo ina, koma chikalembedwa mumakhala ndi pogwira, mumatha kufunsa kuti chaka chino zapita kuti. Popanda mzere umenewo ndalama zikachepa pa pulojekiti choyamba kudulidwa ndi kanjira ka anthu ndi magetsi, tala wa magalimoto yekha ndiye sakhudzidwa.

Ndipo tisanamizidwe kuti kukulitsa msewu ndiye chitukuko chokha. Chipembere Highway anaikonza ndi thandizo la ku Japan, ndi msewu wabwino ndithu, koma taimani pa Queens kapena pa Chichiri nthawi yoweruka muone nkhalamba kapena mayi wobereka mwana akudikira mpata woti awoloke. Msewu ukatambalala nkusalala madalaivala amaponda, ndipo liwiro ndi lomwe limapha. Galimoto ikawirikiza liwiro kawiri mtunda woti mabuleki aigwire umawirikiza kanayi. Munthu wogundidwa pa liwiro la makilomita 30 pa ola nthawi zambiri amadzuka, pa 60 ambiri sadzuka. Nchifukwa chake maiko atakumana ku Stockholm mu 2020 anagwirizana zoti pomwe anthu ndi magalimoto amasakanikirana liwiro lisamapitirire 30. A bungwe la zaumoyo la WHO mu lipoti la 2023 anati pa dziko lonse ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka, oposa theka ndi oyenda pansi, a njinga zakapalasa ndi a njinga zamoto. Mzinda uno pa kalembera wa 2018 unali kale ndi anthu oposa 800,000, ndipo inu nomwe mukudziwa kuti pa mzere wa nyumba zanu a galimoto ndi angati.

A dalaivala za masiteji mwanena zoona, zilowe mu pempho lomwelo.

Mayi wa ku Chilobwe:

Zikomo bambo a ku Chilomoni mwatitsegula maso, za 1 April zo ine ndazilemba.

Koma abale mukamakamba za misewu ikuluikulu musatiiwale ife a kuphiri. Ulendo wa munthu suyambira pa tala, umayambira pakhomo. Kuno chichitikireni namondwe wa Freddy mu March 2023 madzi ndi miyala zochoka m'phiri la Soche zinasiya zigwembe zoti kale kunalibe, malo ena anthu anangoyala mitengo ndi matabwa kuti aziwoloka, mvula ikagwa mwana wa sitandade 1 samapita ku sukulu kapena mayi ake amubereke kukamuwolotsa kenako iwo nkuthamangira ku geni mochedwa. Munthu akadwala usiku galimoto sifika, timamunyamula mpaka kumsewu, tochi ya foni kukamwa. Kamlatho ka simenti kokhala ndi zogwirira m'mbali sikangafanane mtengo ndi raundabauti, koma kwa ife ndi kamene kamalekanitsa kupita ku chipatala ndi kugona ndi matenda.

Chachiwiri magetsi. Azibambo mwina simuziganizira kwambiri koma ife amayi timasankha njira potengera mdima. Kanjira kachidule kalipo koma ikangokwana 6 koloko timazungulira kutali kapena kulipira njinga yamoto ndalama yomwe inali ya ndiwo. Mtsikana wanga akachedwa ku sukulu mtima umakhala m'mwamba mpaka ndimve chitseko. Magetsi a sola aja ndi abwino koma aziikanso m'njira zomwe anthu amayenda pansi osati momwe mumadutsa magalimoto mokha, galimoto ili kale ndi nyali zake.

Chachitatu, ndili ndi mchemwali wanga amayendera wheelchair. Tikamapita naye ku sikelo yake m'tauni ndimachita kutuluka thukuta, poyenda anthu pamakhala pokwera popanda potsetsereka, pena chivundikiro cha ngalande chinabedwa pangotsala dzenje, pena pali pholo pakati penipeni, ndiye timalowa mumsewu ine kumbuyo ndikukankha magalimoto akuimba mahutala. Njira ikakhala yoti wheelchair idutsa bwino ndiye kuti agogo a ndodo, osaona, ndi mayi woyembekezera onse adutsa. Muwaitane a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, pa zimenezi, amadziwa malamulo a anthu aulumali kuposa ife.

Za mavenda a dalaivala, inenso ndimagulitsa. Sitikhala pamsewu chifukwa chokonda fumbi, timatsata pomwe pakudutsa anthu. Pomanga asiye malo a oyenda ndi kamalo ka ogulitsa m'mbali mwake, kuthamangitsana kokha kwakhala kukuchitika zaka zonsezi ndipo mawa lake timabwerera.

Wokonza njinga pa Lunzu:

A dalaivala mwati Blantyre ndi zitunda palibe angapalase, bwerani pa Lunzu m'mawa mudzakhale pa benchi yanga. Njinga zimadutsa pano osati masewera, za makala, za nkhuni, za tomato ndi anyezi, nkhuku m'madengu, mbuzi yomangidwa pa kaliyala, ena akupita mpaka ku Chirimba ndi ku Chemusa. Mbali ya ku Bvumbwe ndi Chigumula nakonso a masamba ndi a mkaka ndi njinga zomwezi. Pa chitunda amatsika nkumakankha, pa chitsetso amakwera. Anthuwa alipo kale, akudyetsa mzinda uno, kungoti powerenga ogwiritsa ntchito msewu amawerenga magalimoto.

Ndipo potsika nkukankha mpomwe pali ngozi yeniyeni, chifukwa munthu ali pambali pa njinga yolemera amatenga malo a anthu awiri, m'mphepete mwa tala muli chidikha chakuthwa choti ukatsikira ndi katundu sungabwererenso, rimu imapindika masipoko kuthothoka. Ndimawongola marimu otere sabata ndi sabata, ndipo mwini wake amabwera ndi mabala m'mawondo akuthokoza Mulungu kuti thiraki inamuphonya. Pa M1 sitikufuna zambiri, shoulder ya tala yotambalala bwino mbali zonse yosamalidwa, osati ija imathera panjira.

Wina asabwere ndi penti yekha. Kamzere koyera madalaivala amakaponda, a njinga zamoto ndiye amakasandutsa kawo. M'tauni pafunika chotchinga chenicheni.

Komanso mitengo ya zipangizo. Tayala, chubu, tcheni, ma pedulo, malabala a buleki, zonse zimachokera kunja ndiye kwacha ikagwa zimakwera tsiku lomwelo. Mapeto ake munthu amamata chubu mpaka zigamba kugundana, buleki amamanga ndi waya, ena amatsika chitsetso akukhwekhwereza phazi pa tayala. Amene mupite kwa nduna ya zachuma mukanene kuti msonkho pa zipangizo za njinga, nyali ndi ma rifulekita utsike. Za magiya, zilipo njinga za magiya za kaunjika zoti mnyamata wa ku Chirimba angakwere nazo chitunda chilichonse, ndipo Blantyre ndi Limbe sipakwana ndi makilomita 10 omwe.

Chomaliza poimika. Makasitomala anga ambiri amati kupalasa si vuto koma ukafika m'tauni uisiya kuti? Ukaimangirira pa pholo ukapeza yapita kapena atenga chishalo. Pa Wenela, pa msika wa Limbe, pa zipatala ndi pa masukulu patakhala shedi ya zitsulo ndi munthu wolondera wopereka tikiti, munthu atha kupalasa kuchoka kwawo, kusiya njinga, nkukwera basi. Achinyamata apezanso ntchito pamenepo.

Dalaivala wa Limbe–Bangwe:

Akulu a pa Lunzu ndamva, za okankha njinga pa chitunda zo ndimaziona tsiku lililonse pa msewu wathu. Mayi a ku Chilobwe pepani ngati ndinalankhula mokhadzula za mavenda. Mukalemba pepalalo nditumizireni ndikawerengere anzanga pa siteji, bola za malo oimapo minibasi zikhalemo. Mahampu tikuvomera pa masukulu koma akhale opentedwa ndi chikwangwani, osati ongotulukira usiku.

Wa ku Ndirande:

Zikomo nonse, sindimayembekeza kuti mungayankhe mozama chonchi. Mmene ndamvera, tisayambe ndi mzinda wonse. Ine nditenga msewu wa Makata, ndiyamba ndafufuza kuti uli m'manja mwa ndani, kenako ine ndi anzanga a ku ntchito tiima m'mawa ndi madzulo kuwerenga oyenda pansi, a njinga ndi magalimoto kwa ola limodzi, tijambulenso malo oopsa. Mayi a ku Chilobwe mungachite chimodzimodzi ndi powolokera panu? Akulu a pa Lunzu inu mutilembere mitengo ya zipangizo mmene yakwerera. Kwathu kuno ndikalankhula ndi a mabuloko ndi komiti ya sukulu kuti kwa khansala tisapite awiri.

Bambo a ku Chilomoni funso linanso, kalata yofunsa za ndalama ija timalembera ndani ndipo tilembe m'Chingerezi basi?

Mkulu wa ku Chilomoni:

Lamulo lija limati bungwe lililonse la boma likhale ndi ofisala woona zopereka uthenga kwa anthu, ndiye mulembere ameneyo, kope ina kwa mkulu wa khonsolo ina kwa khansala wanu. Ine ndingalembe ziwiri, ya Chingerezi ndi ya Chichewa, kuti aliyense wosaina adziwe chomwe akusainira. Funso likhale lalifupi, ndalama za misewu chaka chatha zinali zingati, pa izo zingati zinapita ku njira za oyenda pansi, powolokera, timilatho ndi magetsi, ndipo chaka chikubwerachi mwaikapo zingati. Pokapereka mutenge makope awiri, imodzi akudindireni chidindo cha deti mubwere nayo.

Powerenga anthu paja musaime Lolemba lokha, muwerengenso tsiku la pakati pa sabata ndi Loweruka, ndipo mulembe nthawi ndi malo enieni kuti wina asadzati mwangopeka. Ndikhoza kukuthandizani kulemba Loweruka masana ndikaweruka ku kwaya, mundipeze ku inbox tipangane pokumana.